Kukatenga Mawu a Amayi ku New Jersey

Uthenga wa maliro a amayi unandipeza ku Lanham, ku Amereka, iwo ataikidwa kale. Inali telegalamu ya mawu ochepa yochokera ku Mchinji kwa mlongo wanga Felesiya. M'zaka zimenezo, za m'ma 1980, munthu sunkangodzuka n'kukakwera ndege ya kumudzi, makamaka ukakhala woyendetsa vani yoperekera maphukusi monga ndinalili ine. Ndinakalirira m'bafa kuopa kudzutsa khanda, ndipo m'mawa mwake ndinapita ku ntchito monga mwa masiku onse.

Patapita milungu ingapo, a Chirwa anandiimbira foni. Iwowa ndi akwathu, ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu mu Washington, ndipo anali atapita kumudzi ku tchuthi.

"Kodi a Mbewe, phukusi lija munalandira? Ndikungoona zii."

"Phukusi liti, bambo?"

Anandifotokozera zonse. Felesiya anakawapeza ku Lilongwe amayi akadali moyo, n'kuwapatsa kaphukusi kosokedwa m'nsalu. M'katimo munali mtedza ndi kaseti imene amayi anajambula ali chigonere. A Chirwa atatera ku New York, ntchito inawagwira komweko, ndiye poganiza kuti akundithandiza anakapereka kaphukusiko ku kampani ina yonyamula katundu kuti kandipeze msanga.

Amayi sankadziwa kulemba. Makalata awo onse kwa ine anali makaseti. Felesiya ankabwereka wailesi ya aphunzitsi, kuika mabatire atsopano, amayi n'kukhala pamphasa n'kuyamba kulankhula. Ndiye kaseti imeneyo sinali katundu wamba ayi. Munali mawu awo omaliza kwa ine, mwana amene sanaponye dothi pamanda.

Mawa lake, linali Lachinayi, ndinaima pa foni yoponya ndalama ku Bowie, chigawo chimene ndinkaperekako maphukusi, n'kuimbira kampaniyo. Mayi amene anayankha anandidikiritsa mpaka makobidi anatsala pang'ono kundithera. Pomaliza anati dalaivala wawo anafika pakhomo panga katatu osapeza munthu, ndipo popeza wotumizayo analemba adiresi ya hotela monga kobwezera katundu, phukusilo analipititsa ku depoti yawo ya katundu wopanda mwini pafupi ndi Elizabeth, ku New Jersey. Anawonjezera kuti Lachisanu akatseka depotiyo, katundu yense wogonera amamupereka kwa wamalonda wina amene amagula mwa chipiku.

Osapeza munthu? Mkazi wanga Dailesi anali asanatulukepo m'nyumba chibadwire cha mwana. Ngakhale mphaka akanakanda chitseko iye akanamva. Koma sindinafunse zambiri, chifukwa ntchito ya dalaivalayo ndi yomweyo inkandidyetsa ine, ngakhale kampani inali ina. Ife sitinali olembedwa ntchito, tinali a kontirakiti. Vani yako, petulo wako, matayala ako, ndipo malipiro ankatengera makomo amene wafikapo. Phukusi la ku ofesi likachedwa ankakudula ndalama, koma la kunyumba ya munthu wamba ukangolemba kuti mwini wake sanapezeke, palibe ankakufunsa. Ife tinkakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja yopanda chikepe. Ndinamuona dalaivalayo m'maganizo mwanga, ataima pansi, akuyang'ana masitepe athu, akuyang'ana wotchi, n'kulemba ali m'galimoto momwemo. Ndinafuna kumuda koma mtima unakana, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa.

Nditauza bwana wathu wa pa desiki kuti mawa sindibwera, sanadzutse n'komwe mutu.

"Maliko, iwe si wantchito wanga. Ndiwe bwana pawekha, sindingakuletse. Koma maphukusi a ku Bowie sadikira munthu. Amene awanyamule mawayo, chigawocho chikhala chake."

Ubwana umenewo ndi umene anatikopa nawo posayina kontirakiti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lachisanu m'mamawa, ndikupukuta galasi la vani, ndinaona galimoto ikuima kumbuyo kwanga. Anatsika a Zulu, bambo wachikulire wa ku Chipata amene anakulira ku Lusaka, ndipo ankakhala ku Falls Church. Tinkapemphera mpingo umodzi. Dailesi anali atawaimbira ine osadziwa. Mwezi wake unali wa Julaye, kotentha kuyambira m'bandakucha, koma iwo anali atavala suti yakuda, malaya oyera, tayi ndi chipewa. Mayi Zulu anawapatsira pawindo fulasiki ya tiyi ndi jumbo ya mandasi n'kubwerera.

"Bambo, kodi mukupita ku khoti?" ndinawafunsa.

"Iwe mwana, tiyenda kutenga amayi ako. Ungayende kutenga maliro na kabudula? Manje tsegula chitseko, nikwere."

Ndinayang'ana yunifomu yanga yothimbirira ndipo ndinachita manyazi. Nthawi yosintha panalibe.

Mpaka ku Baltimore tinayenda bwino. A Zulu ankandisimbira za malole a mkuwa amene ankadutsa kwawo iwo ali mnyamata, ine ndikungovomera, maganizo ali kwina. Ndinkadzifunsa kuti amayi ananena chiyani. M'kaseti yomaliza imene ndinalandira iwo ali bwino, anandifunsa kuti ndidzabwera liti. Ndinayankha kuti chaka chamawa, monga ndinkayankhira chaka chilichonse. Mwina m'kaseti iyi anandikalipira. Mwina anandiuza za munda wa kudimba, kapena dzina loti ndimutche mwana. Chilichonse ndinali wokonzeka kuchilandira, ngakhale chitakhala chitonzo.

Pa msewu wodutsa m'ngalande ya pansi pa nyanja ya ku Baltimore ndi pamene tinayamba kuona zakuda. Magalimoto anali atathithikana kuchokera kutali, tikusuntha ngati ng'ombe zolowa m'dibi. M'ngalandemo munali utsi wokhawokha, ndipo muvi wosonyeza kutentha kwa injini unayamba kukwera. Ndinauyang'ana, nawonso a Zulu anauyang'ana. Titatuluka, pa malo olipirira msonkho wa msewu, ndinaponya makobidi m'kadengu koma limodzi linaphonya n'kugubuduzika kulowa pansi pa vani. Mtengo wotchinga unakana kutukuka. A kumbuyo anayamba kuliza mahutala. A Zulu anatsika mwaulemu wonse, anakweza dzanja kwa anthuwo monga wapolisi wa pamsewu, anagwada ndi suti yawo ija n'kulitola kobidilo.

"Aba bantu sibaziba kuti tili pa maliro," anatero pokwera, akusasa fumbi pa maondo.

Paipi ya madzi a injini ndinkadziwa kuti yatha. Inali itayamba kudontha kalekale, ine n'kumangoimata ndi tepi, kudikira mwezi umene ndalama idzatsaleko. Mwezi wotero sunabwere. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Titangowoloka mlatho wa mtsinje wa Susquehanna, kutsogolo kwa vani kunamveka phuu, nthunzi inaphimba galasi lonse, ndipo ndinakhotetsera m'mbali mwa msewu. Dzuwa linali lisanafike pamutu, koma New Jersey inali kutali.

Tinadikira kuti injini izizire. Malole ankadutsa n'kumagwedeza vani yathu, palibe anaima. Kwathu galimoto ikafa, pasanathe nthawi anthu amakhala atakuzungulirani, wina ndi chigubu cha madzi, wina ndi nzeru zake zabodza. Kuno munthu amangokuponyera diso n'kupitirira. A Zulu anatsanula tiyi m'chivundikiro cha fulasiki n'kundipatsa ndi mandasi.

"Idya. Wamaliro amadya, apo ayi azagwa pa manda."

Ndinalandira n'kutafuna.

Kenako tinayenda wapansi m'mphepete mwa msewu mpaka pa mphambano ya ku Perryville, pamene panali kagalaja kogulitsanso petulo. Mwini wake anali mzungu wonenepa, wa mafuta mpaka m'zigongono. Anamvetsera, anakanda chibwano, n'kunena kuti paipi ya vani yakale choncho alibe, koma akhoza kuitanitsa ku Wilmington ndipo ifika madzulo, kapena mawa. Ndinamufunsa za galimoto yobwereka, anaseka. Ndinamufunsa za basi, anati imadutsa koma siima pamenepo. Ndinakhala pa tayala lakutha panja pa galajayo, ndipo kunena zoona ndinataya mtima. Ndinayamba kuona wamalonda uja akutsegula kaphukusi kathu, akutaya mtedza, n'kuponya kaseti ya amayi m'bokosi la makaseti otchipa kuti wina akajambulirepo nyimbo.

A Zulu anakana kukhala. Anazungulira kuseri kwa galajayo n'kubwera ndi chidutswa cha chubu cha tayala ndi waya. Anapempha zigubu ziwiri za madzi, mzunguyo anatipatsa ulere, mwina chifukwa cha suti ija. Titabwerera pa vani anakulunga paipiyo ndi chubu, anamanga ndi waya, koma madzi ankatulukabe m'mbali. Anaima, anaganiza, kenako anamasula tayi yawo.

"Bambo, tayi yabwinobwinoyo?"

"Iyi tayi yayenda pa maliro yambiri. Lelo izagwira nchito."

Anaizunguliza pamwamba pa chubu, anaikoka ndi mano, n'kumanga mfundo ya nkhuni. Kudontha kunachepa. Anandilangiza kuti ndisathamange, ndiponso kuti nditsegule hita ya m'galimoto kuti izikoka moto wa injini. Tangoganizani, mwezi wa Julaye, dzuwa lili pamutu, ife hita ili phuliphuli kumapazi. Thukuta linkayenderera mpaka m'nsapato. Ndinawapempha kuti avuleko jekete, anakana.

Delaware tinaidutsa pang'onopang'ono, magalimoto onse akutipitirira, ngakhale agogo oyendetsa ndi mphuno pa chiwongolero. Pokwera mlatho waukulu wolowera ku New Jersey muvi uja unafika pofiira. A Zulu anayamba kuimba chapansipansi nyimbo ya m'buku imene timaimba poperekeza maliro, ine ndikupemphera kuti tayi isaduke tili pamwamba pa madzi. Tinafika pansi tayi isanaduke.

Msewu waukulu wa ku New Jersey ndi wautali mosakoma. Amakupatsa tikiti polowa, umalipira potuluka, ndipo pakati pake palibe choona koma minda, kenako mafakitale. Pa malo opumira aliwonse tinkaima, kudikira injini ipume, kuthira madzi, kudzazanso zigubu ku mpope wa kuchimbudzi. Pa malo ena mlonda anatitsatira mpaka pa vani, akudabwa kuti anthu awiri akuda, wina wa suti, akutunga madzi m'chimbudzi chifukwa chiyani. A Zulu anamuonetsa tayi ili pa paipi, iye anapukusa mutu n'kubwerera. Nthawi yonseyi dzuwa linali likupendeka.

Pa malo omaliza ndinaimbira depoti ija kuwapempha kuti atidikire. Foni inaitana mpaka inadula yokha. Ndinaimbanso, anayankha munthu amene anati iye ndi dalaivala chabe, wangodutsa pafupi ndi foni, ndipo sakudziwa kanthu. Anaika foni pansi ndisanatchule dzina langa.

Pafupi ndi Elizabeth ndinaphonya potulukira. Lole inatchinga chikwangwani, ndipo pozindikira tinali tikulowera ku bwalo la ndege la ku Newark. Kubwerera kwake kunali kozungulira, m'timisewu ta pakati pa matanki a mafuta ndi njanji, fungo lake ngati mazira oola. Tinafunsa njira kwa anthu atatu, aliyense analoza kwake. Pamene tinkaliona dzina la kampaniyo pa khoma la chinyumba cha malata, mlonda anali akukoka geti.

Ndinasiya vani pamsewu injini ikulira n'kuthamanga. Mlondayo anati atseka, tibwere Lolemba. Ndinayesa kufotokoza koma Chingelezi chinandithawa, mawu ankangotuluka osalumikizana. Anafika a Zulu, kolala ili pululu popanda tayi, jekete itanyowa ndi thukuta. Anavula chipewa n'kulankhula modekha, kuti mnyamata uyu mayi ake amwalira ku Africa, sanapite kukaika, ndipo mawu awo omaliza ali m'nyumba imeneyi. Mlondayo anakankha geti pang'ono, mongokwana munthu mmodzi mmodzi.

M'bwalomo munali mavani ambiri, akutha ngati yanga yomwe, madalaivala akutsitsa maphukusi obwerera. Wina anali atagona pa chiwongolero, chitseko chili chotsegula, buledi woluma kamodzi ali m'manja. Woyang'anira katundu wopanda mwini anali bambo wachikulire wakuda, wa imvi, wolankhula mokoka ngati anthu a kummwera. Anamva nkhani yathu akupukuta magalasi.

"Zimachitika tsiku lililonse, mwana wanga," anatero. "Amawapatsa maphukusi oti anthu awiri sangamalize, ndiye amasankha oti apereke. Amene amataya ndi a anthu osadziwa kodandaula."

Ndinamufunsa ngati angadziwe dalaivala amene anali ndi chigawo cha Lanham. Sindikudziwa kuti ndinkafuna kudzamuchita chiyani. Bamboyo anati ngakhale atafufuza sizingathandize, chifukwa kumeneko madalaivala amasintha ngati malaya, ndipo amene anali pa chigawocho mwezi watha ayenera kuti anasiya kale.

Katunduyo sanali m'nyumba. Anali m'chingolo cha lole chimene chinaima kuseri, pa dzuwa, chotseka. Bamboyo atatsegula zitseko, mpweya wake unatimenya kumaso ngati wa mu uvuni wa njerwa. Tinakwera tonse atatu n'kuyamba kufukula. Munali nsapato, mabuku, nyale yosweka, chidole cha mwana, zonse ndi maina a anthu amene mwina anali kunyumba akudikira kugogoda. Ndinapeza katoni yaing'ono yophwanyika ngodya, yolembedwa ndi dzanja la a Chirwa. Nditaing'amba ndinaona nsalu ya chitenje chobiriwira, yosokedwa ndi ulusi wakuda, dzina langa litalembedwa ndi bolopeni m'zilembo za Felesiya. Chitenjecho ndinachidziwa. Chinali cha amayi, chimene ankafunda popita ku tchalitchi m'miyezi yozizira.

Ndinakhala pansi m'chingolomo n'kulira mokweza, kulira kumene ndinakubisa m'bafa tsiku lija. Bambo wa imviyo anatsika n'kukaima potero. A Zulu anandisiya mpaka ndinatopa ndekha.

Tili m'vani ndinadula ulusi ndi kiyi. Mtedza unali utatuluka mafuta n'kuyamba kununkha. Kaseti inali yotentha m'manja, ndipo chikhokho chake cha pulasitiki chinali chitapindika ngati khoko louma la chimanga. Ngakhale zinali choncho ndinatambasula dzanja kuti ndiilowetse mu wailesi ya m'galimoto. A Zulu anandigwira pamkono.

"Iyayi. Mawu ya amayi sitimvelela pa msewu monga nyimbo ya rumba. Na wailesi yako iyi imadya matepi, naiona. Tizafika nabo ku nyumba, bantu bakhale pansi, ndiye bakambe."

Anaikulunganso m'chitenje n'kuiika pa miyendo pawo. Ulendo wonse wobwerera anaigwira ndi manja awiri, ndipo tikaima kuthira madzi sankaisiya pa mpando. Za kubwererako ndilibe zambiri zonena. Tinagona pa kamotelo kena ku Delaware, m'mawa tinagula paipi yatsopano ku Wilmington, ndipo tayi ija a Zulu anaipinda n'kuiika m'thumba, yakuda ndi mafuta. Tinafika ku Lanham Loweruka masana. Dailesi anandiuza kuti a ku ntchito anaimba kunena kuti chigawo cha Bowie apatsa munthu wina. Ndinangoti chabwino.

Madzulo a tsiku limenelo a Zulu anakhala pa tebulo lathu ndi kasikuludalaiva kakang'ono. Anatsegula chikhokho chopindikacho, anatsegulanso kaseti yatsopano n'kutaya za m'kati mwake, ndipo anasamutsa tepi ya amayi mosamala, akuzunguliza ndi pensulo. Anati kunja kwa mpukutuwo kukuoneka bwino, koma m'kati mwake mwamatana ndi kutentha, ndipo sangalonjeze kanthu. Ndinamva, koma ndinasankha kusamvetsa.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, anthu anasonkhana kwa a Zulu ku Falls Church, chifukwa nyumba yawo inali yokulirapo. Kunabwera a Chirwa ndi akazi awo, mabanja a ku Malawi ndi a ku Zambia, azimayi atavala zitenje pamwamba pa madiresi n'kukhala pa kapeti, azibambo pa mipando. Ana anawauza kuti akhale chete, wina n'kufunsa m'Chingelezi ngati kuli phwando, mayi ake anamutsina. Awa ndiwo anali maliro a amayi kwa ine, ena sindinakhale nawo. A Chirwa anayamba kupepesa za kampani ija, koma a Zulu anawaletsa, anati zimenezo n'zakumbuyo. Anapemphera, anayala chitenje chobiriwira pa tebulo, anaikapo wailesi, n'kudina.

Poyamba kunamveka mphepo, tambala akulira chapatali, ndi Felesiya akunong'ona kuti, "Yayamba, lankhulani." Kenako amayi. Mawu anali ochepa mphamvu, akunjenjemera chifukwa cha matenda kapena chifukwa cha dzuwa la m'chingolo chija, koma anali awo. Mipando inali itatha, ndiye ine ndinaimirira pakhomo lolowera kukhitchini, nditagwira felemu.

Amayi sankayamba nkhani asanapereke moni, ndipo moni wawo sunkadumpha munthu. Anayamba ndi mpongozi wawo. "Nachisale, muli bwanji kumeneko mwana wanga? Ndamva kuti muli ndi pakati. Musamanyamule zolemera." Dailesi anabisa nkhope m'thewera la mwana. Anapereka moni kwa amene ali m'mimbayo, kuti ngakhale sadzaonana, agogo ake amudziwa. Anapereka moni kwa a Chirwa amene adzanyamule mawuwa, kuti Mulungu awayendetse bwino pa mlengalenga. Anapereka moni kwa abusa a kumeneko, kwa akulu a mpingo, ndi kwa "bambo a ku Chipata aja amene mwana wanga amati amamusunga ngati wawo." A Zulu anaweramitsa mutu. Anapereka moni ngakhale kwa azungu amene ndinkawagwirira ntchito, kuti ndiwathokoze pondipatsa chochita.

Kenako anafotokoza za kumudzi, monga mwa chizolowezi chawo. Mvula inadula msanga. Mbuzi ya mawanga inaswa awiri. Denga la tchalitchi analikonza. Wakuti anakwatiwa, wakuti anamwalira. Ankaima n'kutsokomola, Felesiya n'kuwapatsa madzi, kapu ikumveka kugunda mano. Anthu m'chipindamo ankavomera chapansipansi ngati amayi ali pomwepo. Ine ndinkangoyang'ana mpukutu wa kumanzere ukuchepa pawindo la wailesi, ndipo mumtima ndinkati, fulumirani amayi, fulumirani. Koma ndinkadziwa kuti sangafulumire. Kwathu nkhani yaikulu imabwera pomaliza, alendo onse atalonjeredwa.

Mawu anayamba kukokeka, kutsika n'kukwera. Anapuma nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti yatha. Kenako anayeretsa kukhosi, ndipo mawu awo anasintha, anakhala aja ankandiitana nawo ndili mwana ndikalakwa kapena ndikadwala.

"Tsono iwe Maliko. Enawa ndathana nawo. Khala pansi, mwana wanga, undimvere bwino."

Miyendo inamvera yokha. Ndinakhala pansi pomwepo pakhomo la khitchini, pa simenti, monga ndinkakhalira pa khonde la amayi.

Wailesi inati tswii, kenako fooo, ngati mvula ya patali. Mpukutu unkazungulirabe koma mawu munalibe. A Zulu anadzuka, anabweza pang'ono, anadinanso. "Khala pansi, mwana wanga, undimvere bwino." Fooo. Anatembenuza mbali inayo, namonso munali mphepo yokhayokha. Anatulutsa kasetiyo n'kuiyang'ana pa windo, ndipo tonse tinaona kuti tepi ya pamenepo yayera mbee, utoto wake wofiirira unatsalira pomatana paja. Anaibweza mbali yoyamba n'kufuna kuzimitsa.

"Isiyeni, bambo," ndinatero. "Sanamalize."

Anabwerera pa mpando wawo. Tinamvera mphepoyo tonse, nyumba yodzaza anthu, popanda wotsokomola, mpaka wailesi inadzizimitsa yokha.

Ndinalembera Felesiya kumufunsa zimene amayi ananena. Yankho linabwera patapita miyezi. Anati atafika pa dzina langa, amayi anamulozera ndi dzanja kuti atuluke n'kutseka chitseko, chifukwa zotsalazo zinali za ine ndekha.

Kasetiyo ndikadali nayo, yokulungidwa m'chitenje chomwe chija. Mwana amene anali khandayo anakula, anaisamutsira pa makina a masiku ano, anayesanso kuipititsa kwa akatswiri, koma anati pamenepo palibe chotsala. Ndimaimverabe mwa apo ndi apo, kuyambira pa tambala uja. Moni wa anthu onse ndimaumva nditaimirira. Akafika pa dzina langa, ndimakhala pansi.